Nkhondo ya pa Makompyuta, Anthu Wamba ndi Malamulo a Nkhondo

Nkhondo ya pa makompyuta ndi kugwiritsa ntchito makompyuta ndi manetiweki ngati chida cholimbanira ndi mdani pamene mayiko kapena magulu a zida akumenyana. M'malo moponya bomba pamalo ogawira magetsi, asilikali amalowa mozemba m'makompyuta oyendetsa malowo n'kuzimitsa magetsi iwo ali kutali. M'malo mogwetsa nsanja za mafoni, amafufuta mapulogalamu amene nsanjazo zimayendera. Kamenyedwe kameneka kanakhazikika kale. Pamsonkhano wawo wa ku Warsaw mu 2016, mayiko a m'bungwe la NATO anavomereza kuti manetiweki a makompyuta ndi bwalo la nkhondo mofanana ndi pamtunda, panyanja ndi mumlengalenga. Masiku ano mayiko ambiri ali ndi nthambi za asilikali zophunzitsidwa ntchito imeneyi.

Ena amati nkhondo yotereyi ndi yopepuka chifukwa sikhetsa magazi. Koma chipatala, mpope wa madzi, banki, doko ndi foni ya munthu wamba zimadalira manetiweki omwewo amene asilikali amadutsitsamo mauthenga awo. Wowononga netiweki amakhudzanso miyoyo ya anthu amene sakumenya nawo nkhondo. Anthu oterewa amatetezedwa ndi malamulo a dziko lonse a nthawi ya nkhondo, omwe mwachidule amatchedwa malamulo a nkhondo. Maziko ake analembedwa intaneti isanabwere, ndiye pakufunika kuona bwino mmene malamulowa amagwirira ntchito pa zida zatsopanozi, pamene mayiko akugwirizana ndi pamene akutsutsana.

Kusiyana kwa nkhondo ndi umbava

Ziwembu zambiri za pa makompyuta si nkhondo. Zambiri zimachitidwa ndi mbava zofuna ndalama, zina ndi akazitape ofuna zinsinsi. Mu July 2021 akathyali anatseka makompyuta a Transnet, kampani yoyendetsa madoko a ku South Africa, ndipo katundu anaima padoko la Durban, lomwe limadutsitsanso katundu wopita ku Zambia, Zimbabwe ndi Malawi. Mu February 2024 Pulezidenti wa Malawi wa nthawiyo, Lazarus Chakwera, anauza Nyumba ya Malamulo kuti ntchito yosindikiza ziphaso zoyendera inaima chifukwa akathyali analowa m'makompyuta a nthambi yoona za anthu olowa ndi otuluka m'dziko n'kumafuna dipo. Nkhani ngati zimenezi zimaweruzidwa ndi malamulo a milandu a dziko lokhudzidwalo. Komabe zimaonetsa msanga zimene zingachitike ngati luso lomwelo litagwiritsidwa ntchito ndi gulu la asilikali lomwe cholinga chake ndi kuwononga basi.

Malamulo a nkhondo amayamba kugwira ntchito pokhapokha pakakhala nkhondo ya zida, kaya ya pakati pa mayiko kapena yapachiweniweni. Zitsanzo ziwiri zikumveketsa malirewo. Mu April ndi May 2007, boma la Estonia litasamutsa chipilala chokumbukira asilikali a Soviet Union mumzinda wa Tallinn, masamba a pa intaneti a boma, mabanki ndi nyumba zofalitsa nkhani anasokonezedwa kwa milungu pafupifupi itatu. Mfuti sizinalire, ndipo akatswiri ambiri a malamulo saiwerenga nkhaniyi ngati nkhondo. Mu August 2008 ziwembu zofanana nazo zinagwera dziko la Georgia pa nthawi imene asilikali ake ankamenyana ndi a Russia. Kumeneko nkhondo inalipo kale, choncho chiwembu chilichonse cha pa kompyuta chochitidwa ngati mbali ya nkhondoyo chinali pansi pa malamulo a nkhondo.

Njira zimene owononga amagwiritsa ntchito

Njira yophweka kwambiri ndi yothira mauthenga ochuluka zedi pa seva imodzi nthawi imodzi mpaka italephera kuyankha aliyense. Ina ndi yotumiza imelo yachinyengo kwa wogwira ntchito, yemwe akaitsegula amalowetsa pulogalamu yobisika m'netiweki ya kuntchito kwake. Owononga akalowa amatha kukhala phee kwa miyezi yambiri akuphunzira mmene zinthu zimayendera. Kenako angabe zosungidwa m'makompyuta, angazitseke n'kufuna dipo, kapena angazifufutiretu kuti makina asadzukenso. Palinso njira yodzera kwa wogulitsa mapulogalamu: owononga amabisa pulogalamu yawo m'zinthu zimene kampani yodalirika imatumizira makasitomala ake, ndipo imalowa m'maofesi ambirimbiri kudzera pakhomo limene aliyense amalikhulupirira.

Njira yoopsa kuposa zonse ndi yolanda makompyuta oyendetsa makina enieni, monga masiwichi a magetsi, mavavu a madzi ndi gasi, zitseko za madamu ndi zizindikiro za njanji. Zikafika pamenepo, zolembedwa pa kompyuta zimasanduka moto, mdima kapena madzi osefukira.

Zimene zachitika kale

Mu 2010 akatswiri anatulukira pulogalamu yotchedwa Stuxnet, yomwe inkasokoneza liwiro la makina oyenga uranium ku Natanz m'dziko la Iran, kwinaku ikuonetsa oyang'anira kuti zonse zikuyenda bwino. Makina pafupifupi 1,000 akuti anawonongeka. Ambiri amakhulupirira kuti inapangidwa ndi United States ndi Israel, ngakhale mayiko awiriwa sanavomerepo poyera. Stuxnet inatsimikizira kuti pulogalamu ingathyole chitsulo. Inasonyezanso kuti chida chotere sichikhala pamalo amodzi, chifukwa inapezeka m'makompyuta ambirimbiri kunja kwa Iran.

Pa 23 December 2015, m'nyengo ya chisanu choopsa, akathyali analanda makompyuta a makampani atatu ogawa magetsi ku Ukraine n'kuzimitsira makasitomala pafupifupi 225,000 kwa maola angapo. Anasokonezanso mafoni olandirira madandaulo kuti anthu alephere kunena za vutolo. Magetsi anayakanso chifukwa amisiri anapita okha kumalo ogawira magetsi n'kukayatsa masiwichi ndi manja. Mu December 2016 chiwembu china chinazimitsa magetsi m'dera lina la mzinda wa Kyiv.

Chaka cha 2017 chinabweretsa maphunziro atatu. Mu May pulogalamu ya WannaCry inalowa m'makompyuta oposa 200,000 m'mayiko pafupifupi 150. Ku England inasokoneza zipatala za boma moti maambulansi ena anatumizidwa kuzipatala zina, ndipo maulendo pafupifupi 19,000 okaonana ndi dokotala kapena kukachitidwa opaleshoni analephereka. Inadzera pa chiboo cha m'pulogalamu ya Windows, pogwiritsa ntchito chida chimene chinabedwa ku bungwe la ukazitape la NSA la ku United States. Mayiko a United States ndi Britain analoza chala North Korea. Pa 27 June kunabuka NotPetya, yomwe inabisidwa m'pulogalamu yowerengera misonkho ya ku Ukraine yotchedwa M.E.Doc. Inagwetsa mabanki, maofesi a boma ndi zipatala za m'dzikomo, ndipo ku Chernobyl ogwira ntchito anayamba kuyeza ndi manja kuchuluka kwa cheza choopsa. Kenako inadumpha malire n'kuimitsa ntchito za kampani ya sitima zapamadzi ya Maersk, ya mankhwala ya Merck ndi ena ambiri. Boma la United States linayerekezera kuti chiwonongeko chonse chinafika madola 10 biliyoni, ndipo mu February 2018 ilo pamodzi ndi Britain linati asilikali a Russia ndi amene anachita zimenezi. Russia inakana. Mu 2017 momwemo pulogalamu ya Triton inapezeka pa fakitale ina ya mafuta ku Saudi Arabia, italowa m'makina amene ntchito yake ndi kuimitsa fakitale pakakhala ngozi. Cholinga cha makina amenewo ndi kuteteza miyoyo ya ogwira ntchito.

Pa 24 February 2022, patatsala pafupifupi ola limodzi kuti asilikali a Russia alowe mu Ukraine, chiwembu chinapha zipangizo masauzande ambiri zolandirira intaneti kuchokera ku setilaiti ya KA-SAT ya kampani ya Viasat. Asilikali a Ukraine ankagwiritsa ntchito netiwekiyo, koma ovutika anafalikira m'mayiko angapo a ku Ulaya. Ku Germany makina 5,800 opangira magetsi ndi mphepo analephera kuyang'aniridwa ali patali. Mu December 2023 kampani ya mafoni ya Kyivstar, yomwe inali ndi makasitomala pafupifupi 24 miliyoni, inagwetsedwa, ndipo m'madera ena zipangizo zochenjeza anthu za mabomba ochokera mumlengalenga zinasiya kulira.

Ngakhale othandiza anthu pa nkhondo sanasiyidwe. Mu January 2022 bungwe la International Committee of the Red Cross, lodziwika mwachidule kuti ICRC, linalengeza kuti akathyali analowa m'makompyuta osunga mbiri za anthu oposa 515,000. Ambiri mwa iwo anali anthu olekanitsidwa ndi abale awo chifukwa cha nkhondo ndi masoka, anthu osowa ndi akaidi.

Chifukwa chake anthu wamba ali pachiopsezo

Zochitikazi zikuonetsa zifukwa zinayi. Choyamba, manetiweki ndi ogawana. Mauthenga oposa 95 pa 100 aliwonse odutsa pakati pa makontinenti amayenda m'zingwe za pansi pa nyanja, ndipo chingwe chimodzi chimanyamula za asilikali, za mabanki ndi za mabanja. Zingwe za EASSy ndi Seacom zitaduka mu May 2024, intaneti inavuta ku Tanzania, Kenya, Mozambique ndi Malawi nthawi imodzi. Imeneyo sinali nkhondo, koma inaonetsa kuti mayiko ambiri amapumira pa zingwe zochepa.

Chachiwiri, mapulogalamu ena amadzifalitsa okha. Pulogalamu yotere ili ngati moto umene wosaka mbewa amayatsa m'munda mwake m'chilimwe: mphepo ikaomba, motowo sufunsa malire a munda, umakatentha nkhokwe za anthu amene sanalaweko mbewazo. NotPetya inaloza ku Ukraine, koma inakapsereza makampani a kutali kwambiri ndi nkhondoyo.

Chachitatu, chida cha pa kompyuta sichitha chikagwiritsidwa ntchito. Bomba likaphulika latha, koma pulogalamu imatha kukoperedwa, kusinthidwa pang'ono n'kugwiritsidwanso ntchito ndi boma lina kapena mbava wamba, monga zinachitikira ndi chida cha NSA.

Chachinayi, kuvulala kwa anthu kumabwera mochedwa ndiponso mobisika. Magetsi akazima, mpope wa madzi umaima, mankhwala a m'firiji amawonongeka, makina othandiza kupuma amadalira jenereta yomwe mafuta ake amatha. Mu September 2020 mayi wina anamwalira ku Germany ambulansi itamupititsa kuchipatala chakutali chifukwa makompyuta a chipatala cha ku Düsseldorf anali atatsekedwa ndi akathyali. Ofufuza milandu sanathe kutsimikizira kuti kuchedwako n'kumene kunamupha. Imfa zamtunduwu zimavuta kuziwerenga, ndipo zimenezi zimachititsa kuti chiwonongeko chioneke chaching'ono kuposa mmene chilili.

Kodi malamulo a nkhondo amafika pa makompyuta?

Msana wa malamulo a nkhondo ndi Mapangano anayi a ku Geneva a 1949, omwe mayiko 196 anavomereza, ndi Mapangano Owonjezera awiri a 1977. Pangano Lowonjezera Loyamba, lomwe lili ndi malamulo ambiri a kamenyedwe ka nkhondo, linavomerezedwa ndi mayiko oposa 170. United States, Israel, Iran, India ndi Pakistan sali m'gululo, koma mfundo zake zikuluzikulu zimatengedwa kuti ndi mwambo wa mayiko womanga dziko lililonse.

Palibe ndime ya m'mapanganowa yotchula kompyuta, koma zimenezi sizitanthauza kuti pali mpata. Ndime 36 ya Pangano Lowonjezera Loyamba imalamula dziko lililonse kuti likamapanga kapena kugula chida chatsopano lifufuze kaye ngati kuchigwiritsa ntchito sikuphwanya malamulo. Olemba pangano ankadziwa kuti zida zina zidzabwera. Mu 1996 khoti la dziko lonse la International Court of Justice, popereka maganizo ake pa zida za nyukiliya, linanena kuti mfundo za malamulo a nkhondo zimakhudza mitundu yonse ya nkhondo ndi zida zonse, zakale, zamakono ndi zam'tsogolo.

Ku United Nations nkhaniyi yayenda pang'onopang'ono. Mu 2013 gulu la akatswiri oimira maboma linagwirizana kuti malamulo a dziko lonse amagwira ntchito pa makompyuta. Mu 2015 linatchula mfundo za umunthu, kusiyanitsa ndi kuyeza chiwonongeko, n'kuikanso mfundo 11 za khalidwe labwino zimene mayiko angatsate mwa kufuna kwawo, monga kusawononga zinthu zimene anthu amadalira pa moyo wa tsiku ndi tsiku. Mu 2017 zokambirana zinalephereka. Mayiko ena, monga Cuba, ankati kuvomereza malamulo a nkhondo pa makompyuta kuli ngati kuloleza kuti intaneti isanduke bwalo la nkhondo. Yankho la mfundo imeneyi n'lakuti malamulo a nkhondo sapatsa aliyense ufulu woyamba nkhondo. Zoletsa kuyamba nkhondo zili m'pangano lokhazikitsa United Nations, makamaka ndime 2 ndi ndime 51. Malamulo a nkhondo amangoika malire nkhondo ikayamba, posayang'ana kuti wolakwa ndani. Lipoti la akatswiri la 2021 linatchula malamulo a nkhondo mwachindunji, n'kunena kuti amagwira ntchito pa nthawi ya nkhondo yokha ndiponso kuti kuwakumbutsa sikulimbikitsa nkhondo.

Africa inalankhulanso. Mu January 2024 nthambi yoona za mtendere ndi chitetezo ya African Union inavomereza mfundo imodzi ya mayiko a mu Africa pa za malamulo a dziko lonse ndi makompyuta, ndipo inatsimikiza kuti malamulo a nkhondo amagwira ntchito. Malawi, Zambia, Mozambique ndi Zimbabwe ndi mamembala a bungweli. Mu October 2024 msonkhano wa nambala 34 wa Red Cross ndi Red Crescent ku Geneva, womwe pamakhala mayiko onse a m'Mapangano a ku Geneva, unagwirizana pa chigamulo choteteza anthu wamba ku zoopsa za makompyuta pa nthawi ya nkhondo. Palinso buku la Tallinn Manual, lolembedwa ndi gulu la akatswiri lotsogoleredwa ndi Michael Schmitt, lomwe linatuluka mu 2013 n'kukulitsidwa mu 2017. Bukuli silimanga dziko lililonse, koma maloya a maboma ndi asilikali amaligwiritsa ntchito kwambiri.

Mfundo zikuluzikulu ndi mmene zimagwirira ntchito

Mfundo yoyamba ndi kusiyanitsa. Ndime 48 ya Pangano Lowonjezera Loyamba imalamula omenyana kuti nthawi zonse azisiyanitsa asilikali ndi anthu wamba, komanso zinthu za nkhondo ndi zinthu za anthu wamba. Ndime 52 imati chinthu chingaukiridwe pokhapokha ngati chikuthandizadi pa nkhondo ndipo kuchiwononga kukupereka phindu lenileni la usilikali pa nthawiyo. Kompyuta yolamulira mizinga ingaukiridwe, koma ya sukulu kapena ya ofesi yolipira penshoni ayi. Ndime 51 imaletsa chida chimene sichingalozedwe pa chinthu chimodzi kapena chimene zotsatira zake sizingaletsedwe kufalikira. Pulogalamu yodzifalitsa yokha n'kumawononga kompyuta iliyonse imene yaipeza ili m'gulu limeneli. Luso lopanga pulogalamu yoloza malo amodzi lilipo, choncho wopanga yowononga mwachisawawa sangadzikhululukire ponena kuti makompyuta ndi mmene alili.

Mfundo yachiwiri ndi kuyeza chiwonongeko. Ngakhale chinthu chikhale chololedwa kuukiridwa, n'koletsedwa kuchiukira ngati imfa, kuvulala ndi kuwonongeka kwa zinthu za anthu wamba zikuyembekezeka kuposa kwambiri phindu la usilikali. Pa makompyuta, mkulu wa asilikali ayenera kuwerengera ndi zotsatira zobwera pambuyo zimene munthu woganiza bwino angazionere patali. Wozimitsa magetsi a kampu ya asilikali ayenera kufunsa ngati chipatala ndi malo opopera madzi zili pa nthambo yomweyo.

Mfundo yachitatu ndi kusamala. Ndime 57 imafuna kuti woukira atsimikize chimene akuukira, asankhe njira yosavulaza anthu ambiri, ndipo aimitse chiwembu akaona kuti chikupitirira malire. Pa makompyuta zimenezi zikutanthauza kuidziwa bwino netiweki asanaikhudze, kuyesa pulogalamu pamalo otetezeka, kuiikira malire a dera ndi nthawi, ndiponso kuikamo njira yoizimitsira. Ndime 58 imapatsanso udindo dziko loukiridwa: kulekanitsa manetiweki a asilikali ndi a anthu wamba pamene n'kotheka, kusunga makope a zinthu zofunika pamalo ena, ndi kusiya njira yoyendetsera makina ndi manja, yomwe ndi imene inapulumutsa anthu a ku Ukraine mu 2015.

Zinthu zina zili ndi chitetezo chapadera. Zipatala ndi ogwira ntchito zachipatala ayenera kulemekezedwa ndi kutetezedwa nthawi zonse, ndipo kusokoneza makompyuta awo n'kuphwanya lamuloli. Ndime 54 imaletsa kuwononga kapena kuchititsa kuti zisagwire ntchito zinthu zimene anthu sangakhale ndi moyo popanda izo, monga chakudya, madzi akumwa ndi ulimi wothirira. Ndime 56 imateteza madamu, zotchinga madzi ndi malo opangira magetsi a nyukiliya ngati kuwaukira kungaphe anthu ambiri. Kugwiritsa ntchito dzina kapena chizindikiro cha Red Cross mwachinyengo n'koletsedwanso, choncho imelo yonamizira kuti yachokera ku bungweli pofuna kutchera adani msampha ndi yoletsedwa.

Pamene mayiko sakugwirizana

Mkangano woyamba ndi wa zimene zimawerengedwa ngati kuukira. Ndime 49 imati kuukira ndi mchitidwe wachiwawa wolimbana ndi mdani, ndipo malamulo ambiri oteteza anthu wamba amadalira tanthauzo limeneli. Onse amavomereza kuti chiwembu cha pa kompyuta chopha, chovulaza kapena chothyola zinthu ndi kuukira. Nanga choimitsa makina popanda kuthyola kanthu? France mu 2019 inati kuchititsa makina kuti asagwire ntchito yake ndi kuukira, ndipo ICRC imaona chimodzimodzi. Israel inanena mu 2020 kuti kungoimitsa makina popanda chiwonongeko chooneka sikukwanira. Kusiyanaku n'kwakukulu, chifukwa maganizo achiwiriwa atatsatidwa, kuimitsa mabanki kapena mafoni a dziko lonse kwa milungu kungakhale kunja kwa malamulo ambiri a kuukira, ngakhale kuti kwa mayi wolephera kuitana ambulansi zotsatira zake n'zofanana ndi za bomba logwera pa nsanja ya mafoni.

Mkangano wachiwiri ndi wa zosungidwa m'makompyuta. Malamulo amateteza zinthu za anthu wamba, ndipo akatswiri ambiri a Tallinn Manual anati chinthu chiyenera kukhala chooneka ndi chogwirika. Koma kaundula wa malo, mbiri za odwala, mabuku a banki ndi mayina a olandira thandizo la boma, zomwe kale zinkakhala m'mafaelo a mapepala, lero zili m'makompyuta. Kutentha nyumba yosungira mafaelo a anthu wamba n'koletsedwa mosakayikitsa. N'zovuta kumvetsa kuti chitetezo chimenecho chithe chifukwa chakuti zolembedwazo zasamukira pa seva. Mayiko ena amati zosungidwazi ndi zinthu zotetezedwa, ena amakana. Za odwala zokha n'zimene pafupifupi onse amavomereza kuti n'zotetezedwa, chifukwa zili mbali ya ntchito ya chipatala.

Mkangano wachitatu ndi wa zinthu zogwiritsidwa ntchito ndi mbali zonse ziwiri. Setilaiti, chingwe cha pansi pa nyanja kapena nyumba yosungira maseva zikamathandiza asilikali, zingasanduke zololedwa kuukiridwa. Ganizoli likatambasulidwa kwambiri, pafupifupi intaneti yonse ingaoneke ngati chinthu cha nkhondo. Ndime 52 simalola zimenezo, chifukwa imafuna kuti chinthu chilichonse chiyezedwe pachokha, ndipo ngakhale chitaloledwa, kuyeza chiwonongeko ndi kusamala zimagwirabe ntchito.

Funso lachinayi ndi lakuti kodi chiwembu cha pa kompyuta chokha, popanda mfuti, chingayambitse nkhondo m'maso mwa malamulo. Ambiri amavomereza kuti chingatero ngati zotsatira zake zikufanana ndi za bomba. Pa ziwembu zocheperapo palibe mgwirizano.

Anthu wamba olowerera nkhondo

Makompyuta afupikitsa mtunda pakati pa munthu wamba ndi bwalo la nkhondo. Mu February 2022 nduna ya ku Ukraine Mykhailo Fedorov inaitana anthu odzipereka kuti alowe gulu lotchedwa IT Army of Ukraine, ndipo ambirimbiri, ena a m'mayiko akutali, analowa. Kumbali ya Russia kunabukanso magulu monga Killnet. Boma la Ukraine linakonzanso njira yoti anthu azitumiza pa foni malo amene aona asilikali a adani.

Ndime 51 ya Pangano Lowonjezera Loyamba imati munthu wamba amatetezedwa, kupatula pa nthawi imene akutenga nawo mbali mwachindunji pa kumenyana. Mu 2009 ICRC inafotokoza zinthu zitatu zoyezera zimenezi: mchitidwewo ukhale wovulaza pamlingo wina wake, ukhale woyambitsa chivulazocho mwachindunji, ndipo ukhale wothandiza mbali imodzi polimbana ndi inzake. Wokwaniritsa zitatuzi angaukiridwe pa nthawiyo, ndipo akagwidwa sakhala ndi ufulu wa mkaidi wa pankhondo, moti angazengedwe mlandu. Kubwezera sikuthera pa kompyuta: mu May 2019 asilikali a Israel analengeza kuti aphulitsa nyumba ina ku Gaza yomwe ankati akatswiri a makompyuta a Hamas ankagwiriramo ntchito. Munthu wochita zoterezi ali kunyumba amaika pangozi banja lake ndi anansi ake.

Mu October 2023 alangizi awiri a ICRC anafalitsa malamulo 8 a anthu wamba othyola makompyuta pa nthawi ya nkhondo. Ena mwa iwo ndi kusaukira zinthu za anthu wamba, kusagwiritsa ntchito mapulogalamu odzifalitsa okha, kusakhudza zipatala ndi mabungwe othandiza anthu, ndi kutsata malamulo ngakhale mdani akuwaphwanya. Anakumbutsanso maboma kuti ali ndi udindo wosalimbikitsa anthu kuphwanya malamulo ndi wolanga ophwanyawo. Makampani a zipangizo zamakono ali ndi vuto lofanana: kampani ikasungira asilikali mauthenga pa maseva omwewo amene amasunga za zipatala ndi masukulu, imaika makasitomala ake onse pangozi.

Kupeza wolakwa ndi kumulanga

Lamulo limalimba ngati wolakwa angadziwike. Owononga amadutsitsa ziwembu zawo m'makompyuta a m'mayiko ena, ndipo nthawi zina amasiya dala zizindikiro zoloza ena, monga zinachitikira pa chiwembu chosokoneza mwambo wotsegulira masewera a Olympic ku Pyeongchang mu 2018. Ngakhale munthu atadziwika, pamafunikanso umboni woti boma ndi limene linamutuma kapena kumulamulira, ndipo mlingo umene International Court of Justice inaika pa mlandu wa Nicaragua mu 1986 ndi wokwera.

Komabe kufufuza kwapita patsogolo. Mu October 2020 boma la United States linatsegulira milandu asilikali 6 a nthambi ya ukazitape ya Russia ya GRU pa za magetsi a ku Ukraine, NotPetya ndi masewera a ku Pyeongchang. Inali milandu ya malamulo a dziko limenelo, osati ya nkhondo. Mu 2023 woimira milandu wamkulu wa International Criminal Court, Karim Khan, ananena kuti zochita za pa makompyuta zingakhale milandu ya nkhondo pansi pa Pangano la ku Rome la 1998 ndipo ofesi yake ingazifufuze. Kuvuta kopeza wolakwa sikuchotsa udindo, chifukwa mkulu wa asilikali wolamula chiwembu amadziwa yekha chimene walamula.

Zimene zikufunika

Ntchito ina yayamba kale. Mu 2022 ICRC inapereka ganizo la chizindikiro cha pa kompyuta chogwira ntchito ngati mtanda wofiira wa padenga la chipatala, kuti msilikali wolowa m'netiweki adziwe kuti wafika pamalo otetezedwa. Mayiko ochulukirapo akufalitsa poyera mmene amamvera malamulo pa nkhaniyi, ndipo zimenezi zimathandiza chifukwa mwambo wa mayiko umakula kuchokera pa zimene mayikowo amanena ndi kuchita. Dziko losalankhula limasiyira ena kuti alikonzere malamulo. Kwa mayiko amene ali ndi akatswiri ochepa ndi ndalama zochepa zokonzera manetiweki owonongeka, kumasulira malamulo koteteza kwambiri anthu wamba ndi kumene kuli kopindulitsa, chifukwa pulogalamu yothawa kunkhondo ya kutali ingawafike ngakhale iwo sakumenyana ndi aliyense.

Malamulo a nkhondo amagwira ntchito pa makompyuta, ndipo mfundo zake zikuluzikulu ndi zokwanira kuletsa zoopsa zambiri zimene zaoneka kale. Mipata imene yatsala ili pa kamasuliridwe ka kuukira, ka zosungidwa m'makompyuta ndi ka zinthu zogawana. Mipata imeneyi iyenera kutsekedwa motsata cholinga chimene malamulowa analembedwera, chomwe ndi kuteteza munthu amene sakumenya nawo nkhondo. Chimene n'choletsedwa kuchita ndi bomba n'choletsedwanso kuchita ndi kompyuta.